Kuyanjanitsa Bokosi la Besi ndi Timasipika Take Pabalaza

 Sabata ino tikambirane za mlendo amene walowa m'nyumba zambiri ndipo wapatsidwa malo aulemu pabalaza. Mlendoyu ndi bokosi lija lalikulu la mawu a pansi, limene achinyamata amalitcha sabuwufa, lomwe limabwera pamodzi ndi timasipika tiwiri kapena kuposerapo. Kawirikawiri limafika pakhomo m'miyezi ya malonda, abambo akagulitsa fodya, soya kapena mtedza. Tsiku lofikalo pamakhala chimwemwe, ana amavina mpaka fumbi koboo. Koma pakangopita masabata awiri madandaulo amayamba. Malata akunjenjemera, mbale zikulira m'kabati, batire likutha dzuwa litangolowa, ndipo wowerenga nkhani pa wailesi akumveka ngati munthu wolankhulira mumtsuko.

Masiku apitawa ndinakacheza pakhomo pena m'mbali mwa phiri la Ntchisi. Linali tsiku la Mulungu masana ndipo pa wailesi panali ulaliki. Banja lonse linali m'nyumba, koma agogo anali okha pakhonde akusenda nyemba. Nditawafunsa chifukwa chake, anandiyankha kuti kale ndi kawailesi kawo ka Nzeru ankamva liwu lililonse la mlaliki, koma chipangizo chatsopanochi chimangowagunda pachifuwa, mawu ake osawatola. Mtima unandiwawa, pakuti chinthu chimene chinagulidwa ndi thukuta la banja lonse chinali chitatulutsa mwini mudzi m'nyumba. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, koma matope awa ndi otheka kuwapewa. Bokosilo silinali lowonongeka ayi. Linangosowa munthu woliyanjanitsa ndi anzake aang'onowo, ndipo ntchito imeneyi inu amayi mungathe kuigwira ndi makutu anu okha, popanda kulipira mmisiri.

PHUNZIRO LA KUBWALO

Ife obadwira kuno kwa Achewa sitisowa mphunzitsi pa nkhani ya mawu aakulu ndi aang'ono, pakuti tinakulira kubwalo. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, savinidwa ndi ng'oma imodzi. Pali gunda wa mawu a pansi, pali mpanje, ndiponso pali mbalule imene imalankhula ndi mapazi a wovina. Oyimba ng'oma asanayambe amaziwamba pamoto wa udzu kuti chikopa chikungike, ndipo ina amaimata phula pakati kuti liwu lake litsike. Amayesa, namvetsera, nayesanso, kufikira ng'oma zonse zitamvana. Pamwamba pa zonsezo pamayenera kumveka nyimbo ya amayi ndi kuwomba m'manja kwawo. Woyimba gunda akadzikuza n'kukwirira nyimbo, gule amazizira ndipo akuluakulu amamudzudzula.

Mwambo womwewu ndi umene ukufunika pabalaza panu. Bokosi lalikulu ndilo gunda wa m'nyumba. Ntchito yake ndi kuchirikiza nyimbo chapansi, monga achitira abambo a besi mu kwaya ya kutchalitchi. Mawu a woyimba, gitala ndi liwu la wowerenga nkhani ndi ntchito ya timasipika tating'ono tija.

CHIFUKWA CHAKE NTCHITO INAGAWIDWA

Mawu onse amene timamva ndi kunjenjemera kwa mpweya. Akatswiri amawerenga kuti mpweyawo ukunjenjemera kangati pa sekondi imodzi, ndipo muyezo wake amautcha Hertz, pokumbukira katswiri wa ku Germany dzina lake Heinrich Hertz. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira pa 20 mpaka pafupifupi 20,000 Hertz. Nambala ikakhala yaing'ono mawu amakhala a pansi ngati kugunda kwa mtondo, ikakhala yaikulu mawu amakhala osongoka ngati kulira kwa nkhululu.

Kuti mawu a pansi amveke pamafunika kukankha mpweya wochuluka, ndipo kasipika kofanana ndi kambale ka tiyi sikangathe. N'chifukwa chake opanga zipangizo anagawa ntchito: bokosi lalikulu litenge mawu a pansi penipeni, timasipika titenge otsalawo. Anthu ambiri anadziwa mphamvu ya mabokosi otere m'chaka cha 1974, pamene kanema wa ku America wotchedwa Earthquake anaonetsedwa ndi masipika aakulu ogwedeza mipando, kuti oonera amve ngati chivomezi chawapeza. Koma taganizani, amayi: zimenezo zinali za m'nyumba zazikulu zoonetsera kanema. Balaza lathu la mamita 3 m'lifupi ndi 4 m'litali silifuna chivomezi. Kuti gunda wa m'nyumba amvane ndi anzake pali zinthu zinayi zoyenera kuziyang'ana: malo ake, muyezo wake, malire a ntchito yake, ndi kuyendera limodzi kwa onse.

CHOYAMBA: MALO

Ambiri a ife timakankhira bokosi pangodya kuti lisatchinge njira posesa. Koma pangodya pamakumana makoma awiri ndi pansi, ndipo zonsezi zimabweza mawu a pansi n'kuwachulukitsa. Zotsatira zake ndi phokoso lija lolindima, limene simungathe kusiyanitsa liwu lina ndi linzake.

Pali chinanso. Mawu amathamanga mumpweya pafupifupi mamita 340 pa sekondi. Motero funde limodzi la mawu a 80 Hertz limatalika mamita oposa 4, ndipo la 40 Hertz limaposa mamita 8. Mafunde otere ndi aatali ngati chipinda chenichenicho, choncho amagunda khoma, nabwerera, nakumana ndi anzawo. Kumbukirani madzi a m'beseni mukamachokera kumjigo: akamakhavukira uku ndi uku, m'mphepete amakwera kwambiri pamene pakati pamakhala ngati padekha. Mawu a pansi amachitanso chimodzimodzi m'chipinda. Wokhala chotsamira khoma amamva besi wochuluka, wokhala pakati amamva wochepa. Ndiye mupeza abambo ali pampando wa pakati akuwonjezera besi, pamene inu pamkeka pafupi ndi khoma mutu ukuwawa. Palibe akunama, nonse mukunena zoona.

Njira yopezera malo abwino ndi yosavuta, ngakhale ana adzakusekani. Nyamulani bokosilo muliyike pamalo pamene mumakonda kukhala pomvera wailesi. Yimbani nyimbo imene mumaidziwa bwino, yokhala ndi gitala ya besi kapena babatoni womveka. Tsono gwadani muyende chokwawa m'mbali mwa khoma la kutsogolo, mutu uli chapansi, mukumvetsera. Pena mudzamva kulindima, pena besi adzazimirira, koma pena mudzamva liwu lililonse la besi likutuluka palokha, lokwera ndi lotsika. Pamenepo ndiye pakwawo pa bokosilo. Libwezereni pomwepo ndipo inu mukakhale pampando wanu.

Mabokosi ambiri a mtengo wotsika amagwira ntchito ndi timasipika tating'ono kwambiri, choncho amakakamizika kuyimbako mawu okwererapo amene khutu limatha kuloza kumene akuchokera. Bokosi lotere lisapite kumbuyo kwa omvera kapena kutali kumbali. Likhale kutsogolo, pakati pa timasipika kapena pafupi ndi kamodzi. Timasipikato musatiwunjike pamwamba pa bokosi monga tikhalira m'sitolo. Titalikitseni, kena kumanja kena kumanzere, pamsinkhu wa makutu a munthu wokhala pansi, titayang'ana kwa omvera. Mtunda wa pakati pa tiwirito ufanane ndi mtunda wochokera pa kalikonse kufika pamene mumakhala.

Bokosi likhale pansi, pa kamkeka kapena kachiguduli kopinda, osati m'kabati ya mbale kapena pa tebulo lopepuka limene lidzanjenjemera nalo. Siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri pakati pa bokosi ndi khoma, makamaka ngati bowo lake lopumira lili kumbuyo. Ndikudziwa kuti timakonda kukongoletsa katundu ndi tinsalu toluka, koma bowo limenelo ndi chitsulo cha kumbuyo chimene chimatentha zisaphimbidwe. Tsiku lozira kapena lokolopa, linyamuleni kufikira pansi patauma.

CHACHIWIRI: MUYEZO

Besi ali ngati mchere m'ndiwo. Akasowa, aliyense amadziwa kuti china chake chaperewera, koma mlendo akayamba kulankhula za mchere ndiye kuti wophika waonjeza dzanja. Pa bokosi kapena pa rimoti pali batani lolembedwa kuti Bass kapena Sub. Litsitseni mpaka pansi. Tsegulani wailesi nthawi ya nkhani ndipo mukweze mawu onse kufika pamene mumamverera masiku onse. Kenaka kwezani besi pang'onopang'ono. Liwu la wowerenga nkhani likayamba kunenepa ngati la munthu wodwala chimfine, mwapitirira, bwererani m'mbuyo pang'ono. Mukatero yesani ndi nyimbo ya kwaya. Tsinzinani ndi kudzifunsa ngati mungathe kuloza ndi chala pamene pali bokosi. Ngati mukutha kuliloza, lidakali pamwamba. Likakhala pa muyezo wake nyimbo yonse imamveka ngati ikuchokera kutsogolo kwanu, yodzaza bwino, bokosi osadziwika kumene lili.

Muchite zimenezi pa mlingo umene mumamverera kawirikawiri, chifukwa khutu la munthu silimva bwino mawu a pansi phokoso likachepa. Akatswiri awiri a ku America, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, anaonetsa zimenezi m'chaka cha 1933. Munthu akatchera besi wailesi ili motsitsa, masana akakweza adzapeza kuti besiyo wachuluka kwambiri. Mukapeza malo oyenera, lembani kachizindikiro pa batanilo ndi utoto wa m'zikhadabo, kuti ana akalipotokola musavutike kulibwezera.

CHACHITATU: MALIRE

Munda uliwonse uli ndi malire, ndipo mkangano umabuka pamene wina walima kulowa kwa mnzake kapena onse asiya mzere wathengo pakati. Pa mabokosi ena, ndiponso pa maampulifaya a galimoto amene anyamata amalumikiza ku batire, pali batani lolembedwa kuti Crossover kapena LPF, lokhala ndi manambala monga 50, 80, 120 ndi 200. Limeneli ndilo limaika malire a pamene bokosi lisiyira ntchito. Kampani ya THX ya ku America inakhazikitsa 80 Hertz monga malire oyenera pa zipangizo za kanema wa m'nyumba, popeza pansi pa nambala imeneyi khutu limavutika kudziwa kumene mawu akuchokera.

Ngati masipika anu ndi aakulu ndithu, yambirani pa 80. Ngati ndi tating'ono tokwana m'manja, yambirani pa 120. Malire akakwera kwambiri mudzamva liwu la mwamuna likutulukira m'bokosi la pansi, lolemera ndi losamveka. Akatsika kwambiri pamatsala mpata: pansi pakugunda, pamwamba pakulira, koma pakati nyimbo ili yowonda. Sunthani pang'onopang'ono mpaka mpatawo utatsekeka. Inu amene bokosi lanu lilibe batani limeneli musadandaule, opanga anaika kale malirewo m'kati. Kwa inu malo ndi muyezo ndizo zikhale patsogolo.

CHACHINAYI: KUYENDERA LIMODZI

Ngolo ikatitimira m'matope pa zitunda za kwathu kuno, anthu awiri akakankha nthawi imodzi imatuluka. Koma wina akamakankha mnzake akukokera m'mbuyo, onse amatopa ngolo ili pomwepo. Masipika nawonso amakankha ndi kukoka mpweya, ndipo akapanda kuyendera limodzi mawu ena amafafanizana. Yang'anani mawaya a kumbuyo: wofiira alowe pofiira, wakuda pakuda, mbali zonse ziwiri. Waya mmodzi wotembenuzidwa ndi wokwanira kuwondetsa nyimbo, ndipo mwini wake posadziwa amangowonjezera besi.

Mabokosi ena ali ndi kabatani kolembedwa Phase, kokhala ndi 0 ndi 180. Khalani pamalo anu omverera ndipo mwana azikasintha uku nyimbo ikuyimba. Mbali imene besi akumveka wodzaza ndi wolumikizana bwino ndi mawu a woyimba, kasiyeni komweko. Ngati simukumva kusiyana kulikonse, kasiyeni pa 0.

ZA BATIRE NDI MAKUTU A PABANJA

Mwina wina afunsa kuti mayi wotanganidwa ndi kumunda ndi kumoto avutikirenji ndi mabatani. Yankho loyamba lili m'batire. M'midzi yambiri kumene mawaya a ESCOM sanafike, bokosili limadya pa batire lomwelo la sola limene limayatsa nyali ndi kutchaja lamya. Mwa mawu onse, a pansi ndiwo amadya moto wambiri. Kuti phokoso limveke ngati lawirikiza kawiri, ampulifaya imafuna mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi. Choncho besi amene wagwedeza malata masana ndi yemweyo amene wazimitsa nyali mwana wa Sitandade 8 asanamalize kuwerenga. Dziwaninso kuti batire la asidi likamatsitsidwa kupitirira theka tsiku ndi tsiku silikhalitsa, ndipo mtengo wa latsopano mukuudziwa. M'miyezi yachisanu, pamene nkhungu imakuta mapiri athu ndipo dzuwa limachedwa kuwala, nkhaniyi imakula.

Yankho lachiwiri lili m'makutu. Mawu a pansi akachuluka amakwirira mawu a pamwamba, monga mmene kuchigayo mumalephera kumva mnzanu amene mwaima naye pafupi. Munthu akamakalamba amayamba kutaya mawu a pamwamba omwewo, amene amathandiza kusiyanitsa liwu ndi linzake. Ichi ndicho chinatulutsa agogo aja pabalaza. Titachotsa bokosi pangodya, n'kutsitsa besi, n'kutembenuzira timasipika kwa omvera, analowa namvera ulaliki mpaka pemphero lotsekera.

Ana nawonso tiwaganizire. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera phokoso la madesibelo 80, ndipo kwa ana muyezowo ndi madesibelo 75. Phokoso likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawi yoyenera kulimvera imatsika ndi theka. Ife tilibe makina oyezera, koma tili ndi chizindikiro ichi: ngati mukufunika kukuwa kuti munthu amene mungamukhudze ndi dzanja akumveni, phokoso lapyola. M'kati mwa khutu muli timaselo tosakhwima timene tikafa sitimeranso. Khanda lisagonekedwe pafupi ndi bokosi, ndipo mwana wokwawa asaike khutu pabowo lake. Mwana akadandaula kuti m'makutu mukulira nyimbo itazimitsidwa, kapena akamafunsa kawirikawiri kuti mubwereze zimene mwanena, pitani naye kuchipatala akamuone.

ANANSI NDI ABAMBO A KUNYUMBA

Nonse mukudziwa kuti usiku ng'oma ya tsidya lina la dambo imamveka bwino lomwe, pamene nyimbo ya oyimbawo siifika. Mawu a pansi amayenda mtunda wautali ndipo amadutsa khoma mosavuta. Inu m'nyumba mukumva nyimbo, koma mnzanu wa nyumba yoyandikana, makamaka m'nyumba za lendi za pa Mponela kapena pa boma, akungomva kugunda kosalekeza. Mwina ali ndi wodwala, mwina mwana wake wangogona kumene. Tulukani tsiku lina mukaime pakhomo pake bokosi lanu likuyimba, mudzamva nokha zimene iye amapirira. Usiku tsitsani besi poyamba musanatsitse mawu onse. Mudzapeza kuti nkhani mukuzimvabe bwino ndipo mnansi wagona. Za tsiku la maliro m'mudzi sindichita kukuuzani, mwambo mukuudziwa.

Ndikudziwa kuti m'mabanja ambiri bokosili limatengedwa ngati la abambo, ndipo ana aamuna ndiwo amalamulira mabatani. Musayambe ndi mawu akuti chinthu chawocho chikusokosa, pakuti munthu amene wagula chinthu ndi ndalama za thukuta lake safuna kumva kuti analakwitsa. Sankhani nthawi yabwino, atadya ndi kupuma, ndipo munene mwaulemu kuti, "Bambo, chipangizo munatigulirachi n'chabwino. Bwanji tiyese kuchisuntha pang'ono timve ngati mawu a oyimba angamveke koposa apa?" Akhale iwo pampando wawo akumvetsera, inu ndi ana muzisuntha. Akamva okha kusiyana kwake, mawa ndi iwo amene adzafotokozere anzawo. Muwakumbutsenso mwambi uja wakuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Sipika ikayamba kukhosomola ndi kuphwephwetera, ndiye kuti yapanikizidwa, ndipo posachedwa idzapsa.

Inu amene simunagule koma mukulingalira kutero, musatengeke ndi manambala aakulu a mawati olembedwa pa katoni pafupi ndi zilembo za PMPO, pakuti sanena mphamvu yeniyeni imene chipangizo chimatulutsa nthawi zonse. Nambala yodalirika ndi yolembedwa RMS. Pemphani wogulitsa atsitse besi ndipo atsegule wailesi pamene munthu akulankhula. Ngati timasipika tikumveka bwino patokha, katunduyo ndi wabwino. Ngati popanda kugunda palibe chomveka, sungani ndalama zanu.

Amayi anzanga, Loweruka likudzali mukamaliza kuchapa, patulani ola limodzi. Chotsani bokosi pangodya, talikitsani timasipika, onani mawaya, tsitsani besi ndi kumukweza pang'onopang'ono. Mukatha, itanani munthu wamkulu kuposa onse pakhomopo, mumukhazike pampando nthawi ya nkhani za madzulo, ndipo mumufunse zimene wamva. Akakufotokozerani mitu yonse ya nkhani osaphonya, ntchito mwaitha. Mutilembere kalata mutiuze mmene zayendera kwanuko.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa.